Emmie ndi Mtengo wa Makina a Bambo Ake

Emmie sanali mwana wouma mutu. Anali mwana wotopa, koma m'kalasi ya ana 80 zinthu ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi, ndipo palibe mphunzitsi amene ali ndi nthawi yozisiyanitsa. Wagona pa desiki wagona basi.

Ankakhala ndi bambo ake, a Davison Mbewe, ku Area 4, m'kanyumba ka kuseri kaja eni mpanda anamangira wantchito koma masiku ano amachititsa lendi. Mayi ake anamwalira iye ali Sitandade 6. Kuchokera pamenepo mtsikanayu analowa ukulu wosaupempha: kuchapa ndi iye, kuphika ndi iye, kukumbukira tsiku la lendi ndi iye yemwe. Anthu a ku tchalitchi ankamuyamikira kuti ndi mwana wakhama. Kuyamikira n'kotchipa, woyamikirayo sakusenzerako chidebe.

A Davison anali telala wa pakhonde ku Area 2, kutsogolo kwa sitolo ina ya nsalu, pamzere wa matelala anayi amene ankazindikirana ndi kutsokomola komwe. Anachoka kwawo ku Mitundu ali mnyamata. Anagulitsako makala, anakhalako mlonda, kenako anaphunzira kusoka pa makina obwereka. Awoawo anadzagula mochedwa, Emmie ali ndi zaka khumi, kwa nkhalamba ina imene inkabwerera kumudzi. Anali makina akale, akuda, achitsulo chokhachokha, opalasa ndi mapazi, olemera moti amuna awiri ankabuula powakweza pa wilibala. Anapereka K120,000, ndipo kapepala kamene anasainirana ndi nkhalambayo anakasunga m'Baibulo.

Makinawo ankawasamala kuposa mmene ankadzisamalira eni ake. M'mawa uliwonse, asanamwe n'komwe tiyi, ankatulutsa kabotolo ka mafuta ka mlomo wautali n'kudontheza madontho atatu: lina pa gudumu, lina pamwamba pa singano, lina pansi pamene pamakhala bobini ya ulusi. Atatu, osati anayi, chifukwa lachinayi limadetsa nsalu ya kasitomala. Akatero ankawapalasa opanda nsalu, atatchera khutu, kuti amve ngati akulira bwino.

"Awa sakalamba," ankatero. "Amakalamba ndi mwini."

Ndipo mwiniyo anakalambadi, kuyambira m'maso. Ng'ala inayamba ndi diso lamanzere, kenako inawolokera lamanja. Pofika chaka chimene Emmie analowa Fomu 4, bowo la singano linali litawasowa a Davison, ndiye ntchito ina inamugweranso mtsikanayu. Ankalawirira nawo m'mawa, kuwoloka mlatho wa Lilongwe atawagwira mkono, kukawalowetsera ulusi ndi kuwakulungira mabobini asanu a mitundu yosiyana. Akatha apo ndiye liwiro la kusukulu, kumene ankafika belu litalira kale n'kupeza chikolopa chikumudikira. Ulusi ukaduka masana, a Davison ankaitana a Lemson, telala wa makina oyandikana nawo, mnzawo wa zaka zambiri. A Lemson sankadandaula. Makasitomala ndiwo anayamba kuona mipendero yokhota, ndipo mmodzimmodzi anasamukira kwa a Lemson omwewo, akupereka moni waulemu kwambiri kwa a Davison podutsa.

Loweruka, anzake akamapita ku makalasi owonjezera, Emmie ankapita ku ganyu ku Area 43. Ankakwera minibasi kudepoti, kudutsa ku City Centre kumene maofesi amakhala ali zii, n'kutsika pamene minibasi yalekezera kumuthandiza. Kuchoka apo unali ulendo wapansi, kutsata mipanda italiitali dzuwa likuswa mtengo, chifukwa kumeneko eni nyumba amayenda pa galimoto, oyenda pansi ndi antchito. Ankachapa ndi kusita kwa Mayi Chavula a ku Rumphi, akauntanti pa kampani ina. Anali mayi wopemphera, wolipira pa nthawi yake, ndiponso wokonda sukulu. Ankamupatsa Emmie tiyi wamkaka ndi buledi wopaka, ndipo nthawi zina ankamuuza kuti atulutse kope aone mmene masamu akuyendera. Emmie ankawalemekeza mpaka kuwaopa. Kwa iye, mayiwa ndiwo anali kumene sukulu imakamufikitsa munthu.

Masamuwo sankayenda. Zilembo zikangoyamba kusakanizika ndi manambala pa bolodi, maso a Emmie ankalemera. Koma temu yoyamba ya Fomu 4, a Dalton, aphunzitsi a masamu, anayamba mutu wa masamu a ndalama, ndipo mtsikana uja anadzutsa mutu pa desiki. Phindu, msonkho, chiwongoladzanja: izi zinali zinthu zokhala ndi nkhope, zoti anakumanapo nazo kumsika. Kenako panabwera phunziro limene a Dalton ankalitchula kuti dipirishiyeshoni, kutanthauza kutsika kwa mtengo wa katundu akamagwiritsidwa ntchito. Galimoto, firiji, makina, chilichonse, ankatero a Dalton, chaka chikatha chimataya gawo la mtengo wake. Tiyerekeze 10 peresenti. Chaka chinacho umachotsanso 10 peresenti pa chotsalacho, mpaka zaka zonse zitakwana. Anapereka mafunso khumi, ndipo Emmie anakhoza onse. Kwa nthawi yoyamba chilowereni sekondale, kope lake linanyamulidwa m'mwamba kuti kalasi yonse ione.

Musachepse chinthu chimenechi. Mwana amene wakhala zaka zitatu akuwerengedwa ndi a kumchira, tsiku limene wauzidwa kuti wakhoza amachigwira chinthucho ndi manja awiri, ndipo simungamulande. Emmie anaikhulupirira njira ija ngati vesi loloweza ku Sande sukulu. Chimene a Dalton sananene, kapena chifukwa belu linalira, n'chakuti bukulo linalembedwa ngati kuti kwacha imaima malo amodzi kudikira kuti katundu akalambe. Nanga mu Lilongwe muno ndi liti munaonapo chinthu chikutsika mtengo? Munthu amagula galimoto, kuiguguza m'maenje zaka zitatu, n'kuigulitsa ndalama zoposa zimene anagulira. Emmie ankadziwa bwino kukwera kwa sopo ndi shuga, poti wogula anali iye. Koma sopo ndi shuga n'zatsopano. Za katundu wakale anali ataphunzira m'kalasi, ndipo anali atakhoza.

Mvula yoyamba itagwa, mlongo wawo wa a Davison, amene anakwatiwa kufupi ndi Nkhoma, anatumiza uthenga kuti ku chipatala cha kumeneko amachotsa ng'ala, abwere adzakhale kwawo mpaka maso onse awiri atachira. A Davison anakweza makina pa wilibala, kuwapititsa ku Area 4, kuwaimika pakona ya chipinda n'kuwafunditsa chitenje cha malemu mkazi wawo. Anati akakhala masabata atatu. Anakhala asanu ndi limodzi, chifukwa madokotala ankachita diso limodzi kaye.

Ali komweko, kusukulu kunalengezedwa kuti tsiku lomaliza kupereka fizi ya mayeso a Fomu 4 ndi Lolemba likudzalo. Kuphatikiza ndi zina zonse za kusukulu, Emmie ankafunika K48,000. Wosapereka, dzina lake silipita, ndipo dzina likapanda kupita, mayeso adzaaonera pawindo. Zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Lachinayi madzulo anaimba foni ya azakhali akewo, poti bambo ake analibe yawo.

"Ababa, akuti Lolemba ndiye mapeto."



"Gulitsa makina," anatero a Davison.

"Ababa!"

"Tamvera, Nambewe." Ankamuitana ndi mfunda wake akafuna kuti asatsutse. "Makina amenewo ndi chitsulo chenicheni. Ukachotsapo fizi, yotsalayo ndikabwera ndidzagula opepuka aja a masiku ano, ndiyambirenso. Palibe chotayika. Koma upite kwa a Lemson, akupezere wogula ndi iwowo. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

"Ndipo iwe usatchule mtengo. Pakhonde wogulitsa sayamba ndi iye kutchula mtengo."

Mayunitsi anathera pomwepo.

Lachisanu ataweruka, Emmie anawolokanso mlatho kupita ku Area 2. Anapeza malo a a Lemson ali opanda munthu. Anali atapita ku maliro ku Dedza, ndipo amayembekezeka Lachiwiri. Panatsala matelala awiri achinyamata, aja ankakonda kumuitana kuti "mkazi wanga" bambo ake akayang'ana kumbali. Emmie anaima kanthawi pafupi ndi chipilala, chikwama chikumulemera, m'mimba mulibe kanthu chichokereni m'mawa. Anaganiza zowafunsa, kenako anaganiza za kuseka kwawo, n'kutembenuka. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma sanena kuti nthawi zina wosafunsayo amakhala atangotopa.

Anayesanso foni ya azakhali katatu. Inali yozima, kumudzi kutchaja foni ndi ulendo. Ndiye anachita chinthu chimodzi chokhacho chimene ankadziwa kuti amachitha. Anatulutsa kapepala kaja m'Baibulo, kukhala pakhomo pamene panali kuwala, n'kuthothola pepala la pakati pa kope. Analemba K120,000 pamwamba. Anachotsa 10 peresenti, n'kujambula mzere ndi rula. Anachotsanso pa chotsalacho, n'kujambula mzere wina. Zaka zisanu ndi zitatu, mizere isanu ndi itatu, manambala oima bwinobwino. Pansi panatuluka K51,656.

Anaiyang'ana nthawi yaitali nambalayo. Fizi ikwana, koma zotsala sizingagule makina ena ayi. Ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawa ine: Emmie anawamvera chisoni bambo ake. Anati mumtima, ababa sanapite patali ndi sukulu, akuganiza kuti makina awo akadali monga tsiku lija anawagula. Adzakhumudwa, koma masamu sanama.

Loweruka anachapa mabulangete anayi ndi makatani a pabalaza, manja mpaka kuchita makwinya. Atatha kusita, anapeza Mayi Chavula atakhala pakhonde la kuseri akuwerenga za pa foni. Anagwada chapatali.

"Madamu, mungandionereko ngati ndakhoza?"

Mayiwo anavala magalasi, n'kuyamba kudina manambala pa foni mzere ndi mzere.

"Eya, ndi momwemo. Wakhoza, mwana iwe! Waona? Ukalimbikira chonchi udzakhala akauntanti. Ndi homuweki imeneyi?"

"Ayi, madamu. Ndi makina osokera a ababa. Tikugulitsa, ndikufuna fizi ya mayeso pofika Lolemba."

Mayi Chavula anavula magalasi aja pang'onopang'ono. Anafunsa ngati ndi akale aja achitsulo, ngati ali ndi tebulo lake, ngati akusoka bwinobwino. Emmie anayankha zonse, ndipo anawonjezera za madontho atatu a mafuta, kuti mayiwo adziwe kuti ndi katundu wosamalidwa.

"Ndiye mtengo wake ndi umenewu?"

"Ndi umenewo, madamu."

"Usavutike kusaka wogula, ndigula ndine. Ndikupatsa 55,000, yapamwambayo ukagule makope."

Emmie anawomba m'manja pothokoza, misozi ili m'maso. Kaya mumtima mwa mayiwa munali chiyani nthawi imeneyo, ine sindinalowemo. Chimene ndikudziwa n'chakuti sanazengereze. Masana omwewo anatulutsa galimoto, ndipo kwa nthawi yoyamba Emmie anatuluka mu Area 43 atakhala pa mpando, akuona anzake oyenda pansi akutsala m'mbuyo. Ku Area 4 amuna awiri a pamsewu anabuula pokweza makina aja. Emmie anapinda chitenje cha mayi ake n'kuchiika m'sutikesi. Pakona panatsala timabowo tinayi pa simenti, pamene panaima miyendo ya tebulo.

Lolemba anapereka fizi, anapatsidwa lisiti, ndipo anaona ndi maso ake dzina lake likulembedwa. Zotsala, K7,000, anaziika m'Baibulo pamene pankakhala kapepala kaja. Tsiku limenelo anagona pa desiki tulo tokoma, ta munthu amene watula katundu.

Lachitatu madzulo a Lemson anagogoda pageti la kuseri, fumbi la ku maliro likadali m'nsapato.

"Ndamva umandifuna, mwana wanga. Za makina, eti? Bambo ako anandiimbira dzulo pa foni ya mlongo wawo. Usadandaule, wogula alipo kale, wakhala akuwanyengerera chaka chonse. Akunena 350,000, koma ameneyo ndimamudziwa, tikamukoka bwino afika 400."

Emmie anaganiza kuti sanamve bwino. Anawapempha kuti abwereze, ndipo anabwereza. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepala lija, ngati kuti pepalalo limuikira kumbuyo. A Lemson analigwira chapatali, kulizunguza.

"Ine sukulu ndinalekera Sitandade 5. Tandiuza pakamwa, akutanthauzanji manambalawa?"

Anawauza. A Lemson anasuzumira m'chipinda, anaona pakona paja pali pululu, ndipo anakhala pansi pa chiwundo n'kuvula chipewa monga amachitira pa siwa.

"Opepuka omwewa," anatero, "othyoka singano akangoona jinzi, ali pa 200,000 panopa. Mwana iwe, bwanji sunandidikire?"

"Linali Lolemba, amalume."

A Lemson anavala chipewa chawo, n'kunyamuka osatsanzika bwino.

Masiku atatu otsatirawo Emmie anakhala akukonza mawu oti akanene. Loweruka anawapeza makina aja pabalaza la Mayi Chavula, pafupi ndi zenera, atayalidwa kansalu kolukaluka, pamwamba pali mphika wa maluwa. Mayiwo anali osangalala. Anati akawaona amakumbukira kwawo ku Rumphi, ndipo alendo onse akumawasirira. Emmie anachapa, anasita, anakolopa, mawu aja akumuzungulira m'mutu. Nthawi yolandira malipiro itakwana, anagwada.

"Madamu, za makina aja. Ndinalakwitsa mtengo."

"Ayi, sunalakwitse. Paja tinawerengera limodzi."

"Ababa akabwera adzasowa posokera, madamu."

Mayi Chavula anausa moyo, ngati munthu amene akukakamizidwa kunena zimene sakufuna.

"Emmie, malonda akatha atha, ndi mmene dziko limayendera, ndipo ndi bwino uphunzire ukadali mwana. Koma poti ndiwe wa pakhomo pano, ukapeza 300,000 udzatenge. Kwina sungawapeze pa mtengo umenewo. Zinthu zakwera, kwacha yagwa iyi." Anamupatsa ndalama zake za ganyu, zokwana bwinobwino monga mwa masiku onse. "Ndipo ukamakolopa pabalaza uziwapukutako fumbi."

Pogula mayiwa anatsegula buku, pogulitsa anayang'ana kumsika. Emmie anayenda ulendo wonse wa mipanda ija osalira, chifukwa kulira nako kumafuna mphamvu.

Emmie sanawauze bambo ake. A Davison anaimba kawiri, mawu ali osangalala, kunena kuti diso loyamba layamba kuona masamba a mtengo limodzilimodzi. Anafunsa ngati fizi yaperekedwa, ndipo iye anati yaperekedwa. Anati yotsalayo aisunge bwino, ndipo iye anati chabwino. A Lemson nawo anatseka pakamwa, anati nkhani yotere sauzidwa munthu ali ndi bandeji kumaso.

A Davison anabwera Khirisimasi itayandikira. Analowa pageti okha, osapapasa khoma, atavala magalasi akuda a kuchipatala. Anali ngati mwana. Ananena kuti kuchokera kudepoti awerenga chikwangwani chilichonse, ngakhale cha asing'anga. Anaona kuti khoma la nyumba lada, anaona kuti malata adontha pamwamba pa chitseko. Kenako anamuyang'anitsitsa Emmie nati wafanana ndi mayi ake, koma waonda. Atamwa madzi anasisita manja.

"Tsopano tiye, Nambewe. Zatsala zingati? Mawa ndikufuna ndikazungulire m'masitolo."

Emmie anatenga Baibulo n'kuwapatsa ndalama zija pamodzi ndi pepala. Anagwada pafupi ndi chitseko, nafotokoza zonse, osabisa kalikonse: za maliro a ku Dedza, za foni yozima, za Mayi Chavula, za wogula wa a Lemson. Ananenanso kuti mtengo anatchula ndi iye.

A Davison anavula magalasi akuda aja. Analiwerenga pepalalo ndi chala, mzere woyamba mpaka wachisanu ndi chitatu, ndi maso awo atsopanowo. Anatenga nthawi. Emmie ankadikira kuti akalipe, ndipo kunena zoona ankafuna kuti akalipe, mwina mtima ukanapepukako.

"Dzina lako lapita?" anafunsa.

"Lapita, ababa."

Anagwedeza mutu. Anayang'ana pakona paja, kenako anabwereranso pa pepala.

"Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti umalemba bwino chonchi," anatero. "Manambala ako ngooneka bwino."

Apo ndiye Emmie analira, kulira kwa masabata atatu, ndipo bambo akewo anamusiya alire.

Chaka chatsopano chitalowa, a Davison anabwerera pakhonde paja ndi kampando ndi kachitini ka singano zamanja. Amaika mabatani, amasoka zigamba, amakonza zipi za zikwama. A Lemson akapita kukadya masana amawasiyira makina awo kwa ola limodzi, ndipo ola limenelo ndi limene limabweretsa ndiwo. Ulusi amalowetsa okha, kamodzi n'kamodzi, osaphonya. Safunanso wowagwira mkono pa mlatho. Motero Emmie anapeza ola lina logona m'mawa, limene anakhala akulilakalaka nthawi yaitali, koma tulo take sitibwera. Amangogona chagada, kumva bambo ake akutseka chitseko pang'onopang'ono kuti asamudzutse.

Kusukulu akukhozabe masamu a ndalama. Tsiku lina a Dalton akubwereza phunziro lija pokonzekera mayeso, Emmie anakweza mkono.

"Sala, nanga kwacha ikamagwa, katundu wakale amatsikabe mtengo?"

A Dalton anayang'ana wotchi. "Funso labwino, koma zimenezo sizibwera pa mayeso. Iwe uzingotsata njira."

Ndiye amatsata njira. Amachotsa 10 peresenti, amajambula mzere, amapeza yankho limene buku likufuna, ndipo amachongedwa kuti wakhoza. Ku Area 43 sanasiye, angasiye bwanji pamene ganyuyo ndiye yatsala yodalirika pakhomopo? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Loweruka lililonse amachotsa mphika wa maluwa, kupukuta fumbi, n'kuubwezeretsa.

Loweruka lina la mu Febuluwale, akutuluka kuti azipita kudepoti, bambo ake anamuitana. Anali atanyamula kanthu kokulunga m'kachidutswa ka nsalu. Emmie anakazindikira ndi kaumbidwe kake, kabotolo ka mlomo wautali kaja.

"Papita miyezi itatu," anatero a Davison. "Pa gudumu, pamwamba pa singano, ndi pansi pa bobini. Atatu okha. Ukatero uwapalaseko pang'ono kuti mafuta ayende. Makina ongokhala ndi amene amatha msanga."

"Ababa, si athunso."

"Ndikudziwa. Tenga."

Anakaika m'chikwama pafupi ndi kope la masamu. Masana a tsikulo, Mayi Chavula ali kukhitchini, Emmie anatsitsa mphika wa maluwa, anapinda kansalu kolukaluka kaja, nadontheza madontho atatu m'malo mwake. Anakokera mpando, kuika mapazi pa chopalasira, n'kukankha gudumu ndi dzanja monga ankachitira bambo ake. Poyamba analimba. Kenako anamasuka, nayamba kulira kulira kwawo kwa pakhonde la ku Area 2, kosalala, kosadumpha, ngati tsiku lija anatsika pa wilibala iye ali ndi zaka khumi. Anatchera khutu kufunafuna pamene zaka zisanu ndi zitatu zija zinachotsapo kanthu, koma sanapapeze.

"Emmie!" anaitana mayi aja kuchokera kukhitchini. "Makatani aja wasita?"

"Ndikubwera, madamu."

Anaimitsa gudumu ndi chikhatho, nabwezeretsa mphika wa maluwa pamalo pake.